Tsiku limene namwino anandilanda kapu ya madzi

Bambo anga atadwala sitiroko, ndinafika kuchipatala tsiku lachiwiri, nditangotsika minibasi, fumbi lili mbuu. Amayi ndiwo anali gadiyani, ndipo anali atachezera usiku wonse. Ndinawapeza Bambo atagona chagada, pakamwa patapotokera mbali imodzi, milomo itauma gwa. Sankatha kulankhula bwino, koma maso awo ankangoyang'ana botolo la madzi limene linali pa kabati. Ine n'kuti, apa ndiye sipofunika digiri. Ndinathira madzi m'kapu, ndinawadzutsa mutu pang'ono ndi dzanja langa, n'kuyamba kuwamwetsa.

"Achimwene, imani kaye!"

Anali namwino, mayi wachikulire ndithu, amene anali kusintha diripi pa bedi lina. Anabwera mwachangu n'kunditengera kapu m'manja. Kunena zoona ndinakhumudwa. Ndinati, "Asisita, ndi madzi chabe awa. Bambo ali ndi ludzu." Iwo anati, "Ndikudziwa kuti ali ndi ludzu. Koma tamverani mawu awo." Anawauza Bambo kuti anene kuti "aaa". Mawu amene anatuluka anali ngati a munthu amene akulankhula ali ndi madzi kukhosi, a khululu-khululu. Namwino uja anati, "Madzi mwawapatsawo sanapite onse m'mimba. Ena aima pakhomo la mapapo."

Amayi anawauza kuti mwana wawoyu ndi mphunzitsi wa physics. Namwino anaseka n'kunena kuti, "Ndiye bwino, aphunzitsi. Mukaganize chifukwa chake madzi ali oopsa kuposa phala kwa munthu ngati uyu. Mawa mudzandiyankhe."

Ndakhala ndikupatsa ana homuweki kwa zaka zambiri, koma iyi inali yanga. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukaweruka kusukulu mumakafikira kudyetsa agogo, kapena malume amene akudwala, kapena mng'ono wanu wolumala. Supuni imene mumagwirayo ili ndi sayansi yake.

Mphambano ya kukhosi

Yambani ndi kuyesa izi. Ikani zala ziwiri kutsogolo kwa khosi lanu, pamene pali kafupa kotumphuka paja, ndiye mumeze malovu. Mwamva? Kanthu kakwera m'mwamba, kenako katsika. Yesaninso kumeza malovu uku mukukoka mpweya. Sizitheka. Thupi limaimitsa kupuma kwa kanthawi kochepa, pafupifupi sekondi imodzi, nthawi iliyonse imene mukumeza.

Chifukwa chake n'chakuti kukhosi kuli mphambano. Mpweya wochokera m'mphuno ndi chakudya chochokera m'kamwa zimadutsa malo amodzi, kenako msewu umagawikana pawiri. Paipi ya kutsogolo ndi ya mpweya, imapita kumapapo, ndipo imakhala yotsegula nthawi zonse chifukwa munthu sasiya kupuma. Paipi ya kumbuyo ndi ya chakudya, ku biology mumaitcha oesophagus. Ndi yotalika pafupifupi masentimita 25 mwa munthu wamkulu, ndipo pakhomo pake pamakhala potseka mpaka nthawi yomeza itakwana.

Ndiye onani vuto lake. Chakudya chochokera m'kamwa chiyenera kudumpha pakamwa pa paipi yotsegula kuti chikalowe m'paipi yotseka. Kuti zimenezi zitheke, zinthu zingapo zimachitika motsatizana. Lilime limasonkhanitsa chakudya kukhala kambamu kamodzi n'kukakankhira kumbuyo, ngati mmene pisitoni imakankhira mpweya mu pampu ya njinga. Kanyama kofewa ka kumwamba kwa m'kamwa kamatseka njira ya kumphuno kuti thobwa lisatulukire kumeneko. Kholingo limakwera, chija munachimva ndi zala chija. Timinofu timene timatulutsa mawu timatsekana. Kachivindikiro kotchedwa epiglottis kamapindikira pansi n'kuphimba paipi ya mpweya. Pomwepo khomo la oesophagus limatseguka, chakudya n'kulowa.

Minofu yoposa 30 imagwira nawo ntchito imeneyi, ndipo gawo la pamphambanolo limatha sekondi imodzi isanakwane. Inu simuganizako n'komwe. Ubongo ndiwo umalamula kuti uyu ayambe, uyu atsatire, uyu atseke.

Kodi chakudya chimangogwa?

Ana ambiri ndikawafunsa chimene chimatsitsira nsima m'mimba amayankha kuti ndi gravity. Ndiye ndimawafunsa kuti, nanga ng'ombe ikamamwa madzi pa dambo, mutu uli pansi, madziwo amakwera bwanji? Nkhuku inde, imatunga madzi ndi mlomo kenako n'kuyang'ana kumwamba kuti atsike. Koma ng'ombe, galu ndi munthu sitidalira zimenezo. Oesophagus ili ndi minofu imene imafinya kumbuyo kwa chakudya n'kumasuka kutsogolo kwake, ngati mmene mumafinyira mankhwala otsukira mano kuchokera pansi pa chubu. Kufinyako kumatchedwa peristalsis. Kumbuyo pressure imakhala yaikulu, kutsogolo yaing'ono, choncho chakudya chimayenda.

Anthu asanayambe kupita mumlengalenga, akatswiri ena ankakayika ngati munthu angathe kumeza kumene zinthu zimangoyandama. Pa 12 April 1961, Yuri Gagarin wa ku Soviet Union anazungulira dziko lapansi ndipo anadya chakudya chofinya kuchokera m'chubu. Chinatsika bwinobwino.

Koma musanene kuti gravity ilibe ntchito. Kwa munthu wabwinobwino ndi wothandizira chabe. Kwa munthu amene minofu yake yafooka, gravity ndi imene imasankha kumene madzi apite asanalamulidwe. Mukamumwetsa atagona chagada, kapena atapendeketsa mutu kumbuyo ngati nkhuku ija, madzi amatsetsereka okha kupita kukhosi iye asanakonzeke kumeza. Ndi zimene ndinawachita Bambo.

Yankho la homuweki

Usiku umenewo ndinakhala panja pa wodi ndi magadiyani ena, ndikuganiza. Sitiroko imachitika pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo chimene chimaiyambitsa kwambiri ndi BP yokwera. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imaleka kugwira ntchito bwino. Kwa Bambo, mapaipi onse awiri anali bwinobwino, osatsekeka, osabooka. Chimene chinasokonekera ndi nthawi. Lamulo lakuti "tsekani paipi ya mpweya" linkafika mochedwa.

Apa ndi pamene viscosity ikulowa. Viscosity ndi mmene chinthu chamadzimadzi chimakanira kuyenda. Tengani mbale yafulati, muipendeketse, mudonthezepo madzi, mafuta ophikira ndi phala nthawi imodzi, muone chimene chiyambe kufika pansi. Madzi amathamanga chifukwa viscosity yake ndi yochepa. Komanso amamwazika, sayenda ngati gulu limodzi. Phala limayenda pang'onopang'ono, ndipo limagwirana.

Ndiye ngati chitseko chikuchedwa kutsekeka ndi theka la sekondi chabe, madzi amakhala atafika kale n'kulowa. Phala limakhala likadali m'njira, ndipo pofika pamphambano limapeza patatsekedwa. M'mawa ndinapita kwa namwino uja n'kumuuza zimenezi. Anati, "Mwakhoza, aphunzitsi. Koma mwakhoza theka." Theka linalo ndilifotokoza kutsogoloku.

Vuto lomeza limeneli achipatala amalitcha dysphagia. Si matenda paokha, ndi chizindikiro cha matenda ena. Mwa anthu amene angodwala kumene sitiroko, pafupifupi theka amakhala nalo m'masiku oyambirira. Limabweranso ndi matenda a Parkinson, matenda oiwalaiwala a okalamba, kuvulala m'mutu pa ngozi, ndiponso mwa ana amene anabadwa ndi cerebral palsy. N'chifukwa chake lamulo la anamwino ndi lakuti munthu wa sitiroko asalandire chilichonse chapakamwa, kaya madzi, kaya mapilitsi, mpaka atamuyeza kamezedwe.

Zikalowa m'mapapo

Tonse tinatsamwapo. Ukumwa tiyi, mnzako wakuseketsa, basi chifuwa chayamba, misozi m'maso. Kutsokomolako ndi chitetezo. Thupi limatseka kholingo, limafinya mpweya m'mapapo mpaka pressure itakwera, kenako limatsegula mwadzidzidzi, mpweya n'kutuluka mwamphamvu pamodzi ndi chimene chinasocheracho.

Choopsa n'chakuti odwala ena satsokomola n'komwe. Mitsempha imene imamva kuti kwalowa chinthu imakhala itafooka, choncho madzi kapena tizidutswa ta chakudya timatsikira kumapapo mwakachetechete. Wodyetsayo amaona ngati zonse zili bwino. Koma chakudya ndi malovu zimapita ndi mabakiteriya a m'kamwa, ndipo mapapo ndi malo ofunda, achinyezi. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, thupi latentha, kupuma kwayamba kuthamanga. Chimenecho ndi chibayo, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anthu amene anapulumuka sitiroko yeniyeniyo.

Pali kanthu kena kosangalatsa kwa okonda physics. Paipi ya mpweya ikafika m'chifuwa imagawikana pawiri. Nthambi yopita ku phapo la kumanja ndi yotakasuka, yaifupi, ndipo yaima mowongoka kuposa ya kumanzere. Chinthu chimene chikugwa chimasankha njira yowongoka, choncho zosochera zambiri zimakathera kumanja.

Ife zinatichitikira. Bambo atatuluka m'chipatala, azakhali anabwera kudzawazonda atanyamula thobwa lawo lokoma lija. Amayi anali kumunda, ine ndinali kusukulu. Azakhali anawapeza achimwene awo atagona, anamva chisoni, n'kuwamwetsa kapu yathunthu ali chigonere. Sanatsokomole, ndipo azakhali anabwerera kwawo ali osangalala kuti wodwala wamwa. Patapita masiku awiri tinali pa ulendo wobwerera kuchipatala, Bambo akupumira m'mwamba. Anakhalako sabata yathunthu akulandira mankhwala a chibayo. Sindiwaimba mlandu azakhali. Anachita ndi chikondi chomwe chija ndinachita nacho ine. Olakwa tinali ife amene tinadziwa koma sitinafotokozere abale.

Theka lina la yankho

Mwina mwaganiza kale kuti, basi ndiye tizingowapatsa zolimba. Ayi. Apa ndi pamene namwino anati ndakhoza theka. Chinthu cha viscosity yaikulu chimafuna mphamvu yaikulu kuti chikankhidwe. Lilime lofooka silingathe kukankha phala lolimba kwambiri kapena mbamu ya nsima. Zina zimatsalira m'masaya ndi kukhosi, ndipo munthu akayambanso kupuma, zotsalirazo zimakokedwera m'paipi ya mpweya. Komanso anthu ambiri sakonda zakumwa zokhuthala, ndiye amamwa pang'ono mpaka thupi kusowa madzi. Choncho palibe mlingo umodzi wokwanira aliyense. Wodwala aliyense ali ndi mlingo wake, ndipo amene amausankha ndi wachipatala amene wamuyeza. Kumene alipo, akatswiri a kalankhulidwe ndi kamezedwe ndiwo amachita zimenezi. Kumene kulibe, ntchitoyi imagwera anamwino, madokotala ndi a mafizo.

Vuto lina ndi la mawu. Namwino akati "phala lofewa", Amayi amamva china, mchemwali wanga amamva china. M'physics timati muyezo wopanda manambala ndi mkangano. Pofuna kuthetsa zimenezi, akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anakonza ndondomeko yotchedwa IDDSI, imene inatuluka mu 2015. Ili ndi milingo kuyambira 0 mpaka 7. Mlingo 0 ndi zoyenda ngati madzi, mlingo 7 ndi chakudya cha masiku onse. Zakumwa amaziyeza ndi sirinji ya mamililita 10 yopanda singano. Amaidzaza atatseka kunsi ndi chala, amachotsa chalacho kwa masekondi 10, n'kutsekanso, ndiye amawerenga zimene zatsala. Zikatsala zosakwana mililita imodzi, ndi mlingo 0. Pakati pa 1 ndi 4, mlingo 1. Pakati pa 4 ndi 8, mlingo 2. Kuposa 8, mlingo 3. Zimene sizituluka n'komwe amaziyeza ndi supuni ndi foloko. Mwaona? Ndi practical yeniyeni: voliyumu, nthawi, ndi kuwerenga sikelo diso lili pa mzere.

Phala lili ndi makhalidwe awiri amene wodyetsa ayenera kuwadziwa. Choyamba, likamazizira limalimba, choncho limene munayamba nalo si limene mukumaliza nalo. Chachiwiri ndi cha ku biology. M'malovu muli enzyme yotchedwa amylase imene imaphwanya starch. Supuni ikamachoka m'kamwa n'kubwerera m'mbale, imapititsa malovu m'phalamo, ndipo pang'onopang'ono phala limasungunuka. Yesani nokha. Gawani phala m'makapu awiri, m'kapu imodzi muvundulemo ndi supuni imene mwainyambita kangapo, inayo ndi supuni yoyera, mudikire mphindi 15 kapena 20, kenako mupendeketse makapu onse awiri. Kwathu tinaphunzira kupungulira phala pang'onopang'ono m'kambale kakang'ono, m'malo moviika supuni m'mbale yaikulu kwa ola lathunthu.

Zosakaniza nazo ndi zovuta, monga mpunga wosambira mu msuzi, buledi woviika mu tiyi, kapena lalanje. M'kamwa mumakhala zinthu ziwiri za liwiro losiyana. Pamene munthu akulimbana ndi kutafuna cholimbacho, chamadzicho chathawira kale kukhosi.

Zimene anamwino anatiphunzitsa

Titabwerera kunyumba kachiwiri, mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 2, ndiye ankawadyetsa agogo ake masana. Tinalemba malamulo pa pepala n'kumata pakhoma pafupi ndi bedi, kuti mlendo aliyense awerenge.

Wodwala akhale tsonga, msana utawongoka, ngati wakhala pa desiki. Ngati sangathe kuchoka pabedi, muwatsamiritse ndi mapilo kapena mabulangete opinda mpaka atakhala bwino. Mutu usapendekere kumbuyo. Inu wodyetsa mukhale pansi, maso anu alingane ndi awo, chifukwa mukaimirira iwo amakweza chibwano kuti akuoneni.

Akhale ali maso ndithu. Munthu amene akusinza sadyetsedwa, ngakhale nthawi ya chakudya itakwana.

Supuni yaing'ono ya tiyi, imodzi imodzi. Muone kholingo likukwera n'kutsika musanapereke ina. Kuthamanga sikufika. Chakudya chimene inu mumatha m'mphindi zisanu, iwo chingawatengere theka la ola.

Wailesi izimitsidwe, ndipo musawafunse mafunso chakudya chili m'kamwa. Kulankhula kumafuna mpweya, ndipo mpweya umatsegula paipi imene tikufuna itsekedwe.

Mukamaliza, yang'anani m'kamwa, makamaka tsaya la mbali yofooka, chifukwa chakudya chimabisala mmenemo iwo osachimva. Kenako akhalebe tsonga kwa mphindi 30 asanagone.

Tsukani m'kamwa ndi mano m'mawa ndi madzulo, ngakhale kwa munthu amene sakudya chapakamwa. Poyamba ndinkaona ngati n'zaukhondo chabe. Namwino anandiuza kuti, "Malovu amameza tsiku lonse, ndipo ena amasochera. Akasochera oyera ndi akasochera akuda, si chimodzimodzi." Munthu amapanga malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka pa tsiku, ndiye nkhani yake si yaing'ono.

Mapilitsi musamangowaphwanya. Ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi, ndipo mukawapera mphamvu yonse imalowa nthawi imodzi. Funsani kaye kuchipatala.

Siyani kudyetsa ndipo kauzeni achipatala mukaona kutsokomola pa nthawi ya chakudya kapena atangomaliza, mawu a khululu aja, misozi m'maso pomeza, chakudya kutulukira m'mphuno, kupuma movutikira, kutentha thupi, kapena kuonda.

Odwala ena sangathe kumeza chilichonse mosaopsa. Amenewo amawaika kachubu kodzera m'mphuno kukafika m'mimba. Ndamvapo anthu akunena kuti chubu chimapha, kapena kuti akakuika chubu ndiye kuti zako zatha. Zoona zake n'zakuti amene amaikidwa chubu amakhala odwala kwambiri kale. Chubucho ndi njira yolambalala mphambano ija kuti munthu alandire chakudya, madzi ndi mankhwala pamene kukhosi kukuchira, ndipo ambiri amadzachichotsa. Chimafuna kusamala, inde, chifukwa nacho chingasochere n'kulowa kumapapo. Njira imodzi imene anamwino amatsimikizira ndi ya ku chemistry: amakoka timadzi pang'ono ndi sirinji n'kudontheza pa kapepala koyezera pH. M'mimba muli asidi, choncho pH ya 5.5 kapena kutsikirapo imasonyeza kuti chubu chili malo oyenera.

Pamene nsima ndiyo ikuyamba kukana

Mu wodi ija munalinso bambo wina wowonda kwambiri. Iye madzi ankamwa, koma nsima ayi. Mkazi wake anati zinayamba ndi nyama kuima pachifuwa, kenako nsima, kenako ngakhale phala. Mwaona kusiyana kwake? Kwa Bambo anga, madzi ndiwo anayamba kuvuta, chifukwa vuto linali la nthawi. Kwa bambo uyu, zolimba ndizo zinayamba, chifukwa vuto linali la kukula kwa paipi. Chinachake chinali kumera mkati mwa oesophagus n'kumaichepetsa.

Katswiri wa ku France, Poiseuille, anapeza kuti kuchuluka kwa madzi oyenda mosalala m'paipi kumadalira radius yochulukitsidwa yokha kanayi. Mukachepetsa radius ndi theka, oyendamo satsika ndi theka, amatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 16. Oesophagus si paipi yolimba ngati ya Water Board, koma phunziro lake ndi lomwelo: kuchepa pang'ono kwa njira kumabweretsa vuto lalikulu. Ndipo oesophagus imatanuka, choncho munthu amayamba kumva kuti chakudya chikuima pamene njira yachepa kale kwambiri.

Ndikunena izi chifukwa Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya oesophagus ili yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Fodya ndi mowa zimawonjezera chiopsezo. Mu 2016, bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linanena kuti kumwa zinthu zotentha kuposa madigiri 65 n'kutheka kuti kumayambitsa khansa imeneyi. Ndiye tiyi kapena phala lochoka pamoto, dikirani lizizireko.

Si kuvutika kumeza kulikonse kumene kuli khansa. Asidi wobwerera kuchokera m'mimba angapsereze njirayo. Mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sali pa mankhwala, mafangasi oyera amamera m'kamwa ndi kukhosi n'kupangitsa kumeza kuwawa, ndipo amenewa amachizika. Mwana amene wamwa mwangozi soda wowotcha wopangira sopo amapsa mkati, chilondacho pochira n'kuchepetsa njira. Mfundo ndi imodzi: munthu wamkulu akayamba kusiya nyama, kumatsitsira nsima ndi madzi, kumasankha phala pamene kale sankatero, uku akuonda, musati ndi ukalamba kapena ndi zakumudzi. Apite kuchipatala mwezi womwewo.

Akatsamwa pamaso panu

Kwathu munthu akatsamwa, mawu oyamba amakhala akuti "mpatseni madzi". Musatero. Ngati akutsokomola kapena akutha kulankhula, mpweya ukudutsa, mlimbikitseni kuti atsokomole basi. Koma ngati wangoti zii, wagwira pakhosi, mawu sakutuluka, njira yatsekeka ndipo nthawi ndi yochepa kwambiri. Itanani thandizo. Muweramitseni kutsogolo, mum'menye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa kumsana. Zikakanika, imani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, gwirani ndi dzanja linalo, mukokere mkati ndi m'mwamba mwamphamvu kasanu. Bwerezani mosinthanasinthana. Njira yofinya pamimbayi anaifalitsa dokotala wa ku America, Henry Heimlich, mu 1974, ndipo physics yake ndi ya botolo lapulasitiki lotsekedwa ndi chitsekerero: mukalifinya mwadzidzidzi, pressure ya mpweya wa mkati imakwera, chotsekacho n'kuuluka. Khanda losakwana chaka ndi mayi woyembekezera safinyidwa pamimba, ali ndi njira zawo, ndipo ndi bwino kupempha a zaumoyo kapena a Red Cross kuti adzakuonetseni ku kalabu yanu ya sayansi.

Bambo anachira pang'onopang'ono, ngati mmene ambiri a sitiroko amachitira, chifukwa mbali zina za ubongo zimaphunzira ntchito ya mbali imene inawonongeka. Anachoka pa phala losalala n'kufika pa mbatata yophwanya, kenako nsima yofewa ndi ndiwo zotendera zosinja bwino. Madzi ndiwo anali omalizira. Tsiku limene achipatala anawalola, mdzukulu wawo uja anawakhazika tsonga pa mpando wa pakhonde, n'kuwapatsa kapu yosadzaza. Anamwa kamodzi, tonse tili chete kuyang'ana pakhosi pawo. Kenako mtsikanayo anati, "Agogo, tanenani kuti aaa."

Ananena, ndipo mawu anatuluka oyera. Kenako anawonjezera, mwapang'onopang'ono, kuti tiwapatse kapu yonse chifukwa iwo si nkhuku.